A dokotala akati "ndi maganizo", thupi lanu likuchita chani kwenikweni?

Pali nkhani ina imene ikumabwerabwera m'magulu athu a WhatsApp kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, ndipo nthawi zonse imathera mumkangano. Munthu wapita kuchipatala mutu ukumupweteka masabata angapo, mtima ukungogunda, tulo sakupeza, amuyeza malungo palibe, magazi ali bwinobwino, kenako nkumuuza kuti "bambo, muchepetse maganizo". Amabwerako atakwiya, amvekere nde kuti ndikunama ine? Pagulupo ena amati sitiresi ndi matenda a anthu a m'maofesi ku Blantyre, ife akumudzi tilibe nthawi ya zimenezo. Ena amati pali dzanja la munthu apa. Enanso amati nkuchepa kwa chikhulupiriro basi.

Ine zimandikhudza chifukwa mkangano ukamapitirira chonchi, wodwala uja amangokhala pakati, sabwereranso kuchipatala, amangogula Panado pa golosale. Nde tiyeni tikambirane bwinobwino zimene zimachitika m'thupimu, chifukwa si zongoganizira ayi, ndi zinthu zoti akatswiri anaziyeza.

Sitiresi ndi chani?

Sitiresi ndi mmene ubongo ndi thupi zimadzikonzera munthu akakumana ndi chinthu chomuopseza, kapena chimene akuona kuti chikumuposa mphamvu. Payokha si matenda. Aliyense wamoyo ali nayo, ndipo popanda iyo bwenzi makolo athu atatha kalekale kudyedwa ndi zilombo.

Taganizirani mayi akutchola tiyi mmamawa mame ali thoo, dengu lili kumsana, manja onse awiri akuyenda pamwamba pa tiyi, kenako aone njoka yapinda pomwe amati agwire. Asanaganize nkomwe kuti "iyi ndi njoka", kachigawo kena ka ubongo kotchedwa amygdala, kamene ntchito yake nkulondera zoopsa, katumiza kale uthenga. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono, timeneti timatulutsa mankhwala a m'thupi otchedwa adrenaline mumasekondi ochepa chabe. Mtima uyamba kuthamanga, mpweya ukokedwa mwachangu, kukamwa kuuma gwa, thukuta m'manja, magazi achepa kum'mimba apita kuminofu ya miyendo ndi mikono. Mayi uja wadumpha kale, dengu lagwa uko.

Pakapita mphindi zingapo pamabwera mankhwala achiwiri, cortisol, ochokera patiziwalo tomwe tija. Awa amakweza shuga m'magazi kuti minofu ipeze mphamvu, nkuyamba aimitsa kaye ntchito zimene si zachangu, monga kugaya chakudya ndi zokhudza kubereka. Katswiri wina wa ku Harvard ku America, Walter Cannon, anafotokoza zoti thupi limadzikonzera kumenyana kapena kuthawa cha m'ma 1915. Njoka ikapita, mayi uja amakhala pansi, miyendo njenjenje kwa kanthawi, kenako zonse zimabwerera mmalo. Mpaka apa palibe chaonongeka.

Vuto limayamba ikakana kuzima

Mu 1936 katswiri wina Hans Selye, amene ankagwira ntchito ku Montreal ku Canada, anaona chinthu chodabwitsa pa makoswe ake. Kaya awaike pozizira kwambiri, kaya awatopetse, kaya awabaye mankhwala opweteka, bola zikhale zosalekeza, mapeto ake ankafanana: tiziwalo ta pamwamba pa impso tija tinkatupa, ziwalo za chitetezo cha thupi zinkafota, m'mimba munkatuluka zilonda. Apa mpamene madokotala anayamba kuona kuti chimene chimapulumutsa thupi pa kanthawi kochepa, chikatalika chimaliwononga.

Zili ngati njinga yamoto ya kabaza. Pokwera chitunda cha ku Thekerani ndi katundu, woyendetsa amayenera kuipatsa moto wonse, ndipo injini inapangidwira zimenezo. Koma akaigwira moto womwewo tsiku lonse, potsetsereka, poimika, mpaka usiku ili pakhonde ikungolira, injini ija sichedwa kutha.

Nde vuto lathu ndi loti zimene zimatiopseza masiku ano sizithawa ngati njoka. Ngongole ya banki m'khonde imene tsiku lake ndi Lachisanu, katapila amene akubereka mwezi ndi mwezi, fizi ya mwana wa Fomu 3, thumba la feteleza loti mtengo wake wakwera pomwe kamunda nkomweko kakang'onong'ono, mwamuna amene anapita ku Joni nkungoti zii. Ubongo susiyanitsa kwenikweni choopsa chimene chili pamaso panu ndi choopsa chimene mukuchiganizira mutagona, thupi limayankha ndithu. Mwachibadwa cortisol amakhala wambiri mmawa kuti munthu adzuke ndi mphamvu, nkumatsika mpaka pakati pausiku. Munthu wopanikizika kwa miyezi dongosolo limeneli limasokonekera, nchifukwa chake mumadzidzimuka 2 koloko usiku maso gwa, nkuyamba kuwerengetsera ndalama zomwezomwe zija mobwereza osapeza yankho, kukacha muli wotopa kuposa mmene munagonera.

Zimene zimachitika m'thupi

Tiyambe ndi BP, chifukwa ndi imene anthu amaitchula msanga. Kafukufuku wa dziko lonse amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ku Malawi kuno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa nkomwe. Sitiresi imakweza BP pa nthawi imene munthu wapanikizika, ndipo ikakhala ya zaka imathandizira kuwononga mtima ndi mitsempha. Koma apa ndikufuna timvetsetsane abale anga, BP sibwera ndi maganizo okha. Mchere wambiri, msinkhu, kumtundu, kunenepa, mowa, fodya, matenda a impso, zonsezi zili momwemo. Pali anthu ofatsa osadandaula kanthu amene BP yawo ili pamwamba, ndipo nthawi zambiri siimveka kupweteka paliponse. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi anthu amene amasiya kumwa mankhwala a BP ati poti mavuto apakhomo atha, mtima wakhala pansi. Ayi ndithu, mankhwala amenewo sasiyidwa popanda kuyezetsa ndi kumva kwa achipatala, sitiroko imapeza anthu munjira imeneyi.

Kwa odwala shuga, cortisol amakweza shuga m'magazi, nde mutha kuona manambala akukwera nthawi ya maliro kapena ya milandu olo kadyedwe simunasinthe.

Chitetezo cha thupi nachonso chimafooka. Mu 1991 katswiri wina Sheldon Cohen ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anachitikira ku England: anthu pafupifupi 400 athanzi anawafunsa kaye za mmene moyo ukuwapanikizira, kenako nkuwadonthezera tizilombo ta chimfine m'mphuno. Amene anali opanikizika kwambiri ndi amene anadwala chimfinecho mochuluka. Tizilombo tomwetomweto, matupi kulandira mosiyana.

Za m'mimba ndichedwepo pang'ono. Timakonda kunena kuti "ali ndi maalsa chifukwa choganiza kwambiri", ndipo kale madokotala nawonso ankakhulupirira choncho. Koma madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anaonetsa kuti zilonda zambiri za m'mimba zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Zina zimabwera ndi mankhwala opha ululu monga Brufen, aspirin ndi diclofenac akamamwedwa pafupipafupi. Sitiresi imawonjezera ululu, kutentha pamtima, kutsegula kapena kudzimbidwa, zimenezo nzoona. Koma kachilomboko kali ndi mankhwala ake, sikachoka ndi kupuma kapena kumwa mkaka. Ndipo taonani msampha wake: munthu wopanikizika mutu ukamuwawa tsiku ndi tsiku amameza Brufen m'mimba muli pululu, mapeto ake zilonda zija nkubweradi.

Zina ndi zodziwika: khosi ndi mapewa kuuma, msana, mutu womanga ngati wakulungidwa, msambo kusokonekera, chilakolako cha m'banja kuchepa kwa abambo ndi amayi omwe, chinthu chimene chimabweretsa kukayikirana m'nyumba pomwe palibe wachita chibwenzi. Palinso njira yozungulira imene mwina ndi yoopsa kuposa zonse: munthu wopanikizika amayamba kachasu kuti agone, amasuta kwambiri, amaiwala kumwa ma ARV kapena kuphonya tsiku la kuchipatala.

Kuntchito: si kulemera kwa ntchito kokha

Apa mpamene maganizo oti sitiresi ndi ya mabwana amagwera pansi. Kuyambira mu 1967 akatswiri anatsatira amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma ku London, pa kafukufuku wotchedwa Whitehall amene katswiri Michael Marmot anadzadziwika naye. Ambiri ankayembekeza kuti akuluakulu a maudindo ndi amene azifa msanga ndi mtima. Zinatuluka zosiyana: amaudindo apansi kwambiri, monga mamesenjala, ankamwalira pafupifupi katatu kuposa apamwamba, ndipo fodya ndi BP zinkangofotokoza mbali chabe ya kusiyanako. Atapitiriza kufufuza anaona kuti chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu ndi kusakhala ndi chonena pa ntchito yako. Katswiri wina Robert Karasek mu 1979 anafotokozanso zomwezo, kuti ntchito yopweteka kwambiri ndi imene imafuna zambiri kwa iwe koma iwe ulibe mphamvu yosankha kuti uigwire bwanji kapena liti.

Tazibweretsani kwathu kuno. Wotchola tiyi nthawi ya dzinja, pamene tiyi waphuka kwambiri, ali ndi makilo oti akwanitse, pasikelo tsamba likhoza kukanidwa kuti ndi lokhwima, mvula ikugwa kapena ayi ntchito ilipo, ndipo ngati ndi wa sizoni akudziwa kuti chilimwe chikafika ntchito itha, sakudziwa ngati adzamulembenso. Kapitawo naye musamuone choncho, ali pakati, kumwamba akufuna manambala, pansi pali anthu oti amakhala nawo mudzi umodzi ndipo amakumana nawo kumaliro. Eni minda nawo amaloza mitengo ya tiyi ku okushoni ya ku Limbe ndi kunja, kukwera kwa feteleza ndi mafuta, ndi nyengo yosapanganika. Sindikuweruza mlandu pano, ndikungoonetsa kuti kupanikizika kumatsika kuchokera pamwamba, ndipo kumaunjikana pa amene alibe poti nkukankhira.

Nchimodzimodzi mphunzitsi wa Sitandade 1 amene ana adzaza kalasi mpaka pakhomo, namwino amene watsala yekha pa wodi usiku, mayi wa geni pa Limbuli kapena pa Luchenza amene tomato wake akapanda kutha lero mawa waola, mlimi wa nandolo amene mtengo amauzidwa ndi wogula. Amene analima nandolo wambiri akukumbuka mmene mtengo unagwera mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula kunja, chisankho chopangidwa kutali koma tulo tinasowa ku Mulanje.

Kutalika kwa maola nakonso kuli ndi mtengo wake. Mu 2021 WHO ndi bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO analengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata kumawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti, ndi cha kufa ndi matenda a mtima ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40. Anawerengetsa kuti mu 2016 anthu 745,000 padziko lonse anafa chifukwa cha zimenezi. Lamulo lathu la ntchito la mu 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu yolipidwa mwapadera. Limaperekanso tchuthi cha pachaka cha masiku 18 kwa ogwira masiku 6 pa sabata, masiku 15 kwa ogwira masiku 5, komanso tchuthi chodwala cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka, kwa amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito ndipo ali ndi kalata ya kuchipatala. Mwaona pomwe pali mpata? Waganyu, wakabaza, wageni, ndi wa sizoni amene safika miyezi 12, ambiri mwa ife, chitetezo cha tchuthi chodwalachi sichitifikira.

Pali mawu ena amene mwina mwawamva, burnout. Mu 2019 WHO inafotokoza kuti ndi zotsatira za sitiresi ya kuntchito imene yakhalitsa osathetsedwa, ndipo imaoneka munjira zitatu: kutheratu mphamvu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito kapena anthu amene ukuwatumikira, ndi kuona kuti palibe chimene ukukwanitsa. Siyiwerengedwa ngati matenda paokha. Nthawi zina namwino amene timamunena kuti ndi wamwano anayamba ntchito ali wachifundo kwambiri. Sindikuti mwano ndi wabwino, wodwala sayenera kukalipiridwa, koma ngati tikufuna kuti zisinthe tiyenera kudziwa gwero lake. Olemba ntchito nawo amaluza: WHO imati masiku a ntchito okwana 12 biliyoni amatayika chaka chilichonse padziko lonse chifukwa cha matenda a nkhawa ndi kukhumudwa. Wotopa ndi amene amalakwitsa mawerengero, kudzicheka ndi chikwanje, kapena kuwodzera pa chiwongolero.

Ndalama ndi nzeru

Kafukufuku wina wa mu 2013 anayesa alimi a nzimbe ku Tamil Nadu ku India kawiri, asanakolole pomwe m'thumba munalibe kanthu, ndi atagulitsa. Anthu omwewo ankakhoza bwino mayeso a kuganiza atalandira ndalama kusiyana ndi poyamba. Nde mukaona mnzanu mu Janyuwale akuiwalaiwala, akupsa mtima msanga, akupanga zisankho zoti inu mukudabwa nazo, si kuti nzeru alibe, mutu wake wadzaza ndi funso la chakudya cha mawa. Kuno kwathu, kafukufuku wa ku Zomba wa m'ma 2008 ndi 2009 anapeza kuti atsikana a sukulu a m'mabanja amene ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi ankavutika maganizo mocheperapo pa nthawi imene ndalamazo zinkabwera. Nchifukwa chake kuuza munthu kuti "osadandaula" kwacha itagwa ndi 44 peresenti, ngati mmene zinachitikira mu Novembala 2023, sikuthandiza kwenikweni. Akudandaula chinthu chenicheni.

Pamene yasanduka matenda

Sitiresi wamba imachepa vuto likachepa. Koma pali pena pamene imawoloka malire. Munthu akakhala masabata awiri kapena kuposa ali wokhumudwa pafupifupi tsiku lonse, zimene ankazikonda sizikumukomanso, kudya ndi tulo zasokonekera, akudziona wopanda ntchito, imeneyo ikhoza kukhala depression, matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika ndi uphungu, pena ndi mankhwala.

Palinso china chimene ife a kuno sitingachilambalale. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anapha kapena kusowetsa anthu opitirira 1,000 m'dziko muno, ndipo Mulanje ndi Phalombe anali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri, madzi ndi miyala zikutsika m'phiri. Mpaka lero alipo anthu oti mvula ikangoyamba kulira padenga usiku mtima umathamanga, amadzutsa ana, amalota zomwezo, safuna kudutsa pamalo pomwe zinachitikira. Zizindikiro zotere zikapitirira mwezi ndipo zikusokoneza moyo, achipatala amazitcha PTSD, kutanthauza kuvulala kwa maganizo kobwera munthu akaona zoopsa kwambiri. Si misala, si mantha achibwana. Ana nawo zimawagwira, kungoti iwo amaonetsa pokodza pogona, kukakamira mayi awo, kapena kutsika m'kalasi.

Nanga chothandiza nchani?

Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwera anthu okhala pampando tsiku lonse. Kwa kalaliki kapena wa muofesi, kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata monga imanenera WHO kumathandizadi. Koma munthu amene wakwera ndi kutsika mapiri a Thyolo ndi dengu kumsana safunika jimu, amafunika kupuma ndi tulo ta maola 7 kapena kuposa. Tiyi wathu yemweyu ali ndi caffeine, mankhwala ochotsa tulo, nde ngati tulo tikuvuta yesani kusamwa madzulo. Mowa umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pausiku. Mtima ukathamanga, kukoka mpweya pang'onopang'ono nkuutulutsa motalikitsa kwa mphindi zingapo kumautsitsa ndithu.

Chachikulu china ndi kuyankhula ndi munthu womvetsera. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala nkumamvetsera anthu. Sapereka ndalama kapena ulaliki, amathandiza munthu kutchula mavuto ake onse, kusankha limodzi loti angathe kuligwira, nkupangana chochita sabata imeneyo. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti anthu anapeza bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Njira imeneyi mutha kuyesa ndi mlongo wanu kapena mnzanu wodalirika: mmalo mosenza ngongole zonse mmutu usiku, zilembeni papepala masana, muone yoyamba kukambirana ndi mwini wake ndi iti. Ambiri amapeza mphamvu kutchalitchi, kumzikiti, kukwaya, kwa ankhoswe, ndipo zimenezi sizilimbana ndi chipatala, munthu atha kupemphera uku akumwa mankhwala ake.

Kwa amene muli ndi anthu pansi panu, kaya ndinu a hedi, a kapitawo kapena muli ndi wantchito mmodzi pakhomo, zinthu zina sizifuna ndalama: kuuza anthu nthawi ilipo za kusintha kwa mashifiti, kulipira tsiku limene munapangana, kufotokoza chifukwa chimene mwadulira malipiro, kumva maganizo awo pa kagwiridwe ka ntchito.

Chithandizo sichiyambira ku Zomba Mental Hospital ngati mmene ambiri amaopera. Yambirani pa chipatala chapafupi, yezetsani BP ndi shuga, nenani zonse kuphatikizapo za tulo ndi za mowa, ndipo pa chipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo funsani kuonana ndi amene amaona za matenda a maganizo. Koma kupweteka pachifuwa kofika kumkono kapena kunsagwada, kubanika, kukamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, kulephera kuyankhula, izi musazitche maganizo, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo.

Malipoti a apolisi akhala akuonetsa kuti ambiri mwa odzipha ku Malawi kuno ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Mwamuna sakonda kunena kuti "ndikuvutika", amangoyamba kumwa kwambiri, kudzipatula, kugawa katundu wake, kapena kuponya mawu oti "mudzandikumbuka", "bola kungopita". Mukamva zotere musaseke komanso musakalipe. Mufunseni mwachindunji kuti "achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?", kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata woyankhula. Akavomera musamusiye yekha, chotsani tameki, mankhwala a mbewu ndi zingwe pakhomopo, uzani wachibale wina wamkulu, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.